Petulo weniweni wa alamu anga

Zimitsa kaye chinthucho, Limbani. Ndati zimitsa! Makutu angawa ndi okalamba koma sanafe. Bwera nayo kuno njingayo, uitsamiritse pa mtengo wa nachesiwo. Nawenso Tadala, ika pansi foniyo, siithawa. Itana azing'ono ako akhale apa pakhonde, chifukwa zimene ndinene lerozi sindidzazibwerezanso. Mphamvu zobwereza ndilibe.

Ndinakuona m'mawa uja, iwe Limbani, ukuthira oyilo m'chigubu cha petulo. Unangopendeketsa botolo maso ali kwina, ngati munthu wothira mchere m'ndiwo za eni, basi n'kutseka. Nditakufunsa kuti muyezo wake ndi uti, unati, "Agogo, anzanga a kabaza ku Lisungwi akuti oyilo akachepa njinga imathamanga." Eetu, imathamanga. Anzakowo sananame. Ine ndinakwerapo njinga yothamanga choncho, ndipo kumene imakafika ndikukudziwa.

Ana inu mumadziwa kuti ndinabereka awiri, mayi anu ndi malume anu a ku Blantyre aja. Si zoona. Analipo wina, woyamba kubadwa, mtsikana, dzina lake Elube. Mayi anu sanamuone. Akanakhala moyo bwenzi lero mukumutcha mayi aakulu, ndipo bwenzi akukukalipirani kuposa ine, chifukwa pakamwa pake panali pakuthwa kuyambira ali kumsana. Nkhani ya oyilo ndi nkhani ya Elube. Sindingathe kukamba imodzi n'kusiya inzake.

Ine si wakuno, paja mukudziwa. Kwathu ndi ku Matope, kumunsi uko, kotentha, kumene mwana amayamba kuwedza asanadziwe kuvala kabudula. Ndili mnyamata ndinapita ku Halale monga ankachitira aliyense wokhala ndi miyendo iwiri. Ndinapeza ntchito pa sitolo ya mmwenye wina wogulitsa njinga, kuseri kokonzera. Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba tiinjini tomangirira pa njinga yakapalasa, ngati kako aka Limbani, kungoti tathu tinali tachitsulo chenicheni, osati malata opaka utoto awa. Amene anandiphunzitsa anali mdala wina wa ku Mulanje, wa diso limodzi, wosaseka. Tsiku loyamba anandigwira khutu n'kunena kuti, "Mphwanga, galimoto ili ndi mphika wake wa oyilo pansi. Kanthu aka kalibe. Oyilo wake kamamwera kumodzi ndi petulo. Ukakapatsa petulo yekhayekha, wakapha."

Nditabwerako ndinakwatira agogo anu, Nachisale, n'kukwera kumapiri kuno kudzakhala pa chikamwini. Ha, ndinaona zakuda! Mwezi wa Juni chisanu chinkalowa mpaka m'mano. Ine munthu wa mlamba wowamba, ankandiikira mbatata ya kachewere m'mawa, kachewere masana, ndipo madzulo, kuti ndisatope naye, kachewere yemweyo wothira nyemba. Mukuseka, eti? Munthu amalira misozi ndithu chifukwa cha nsomba. Tirigu ndinamuonera kuno, amuna akumupuntha ndi ndodo pa thanthwe, amayi akupeta m'malichero mpaka nsidze kuyera. Mkate wake ukadya m'mawa unkafika madzulo osakumbuka njala. Zija mumagula m'mapulasitiki zija si buledi, ndi thovu.

Ndipo mkamwini masiku amenewo sanali ngati amuna a lero, amene amafika kwa apongozi atavala magalasi akuda n'kusankha okha mpando. Munda unali wa akazi ako, nyumba pa malo a eni, ana a eni. Mwini mbumba, mlongo wa mkazi wako, akalankhula, iwe unkayang'ana pansi. Kwa ife mwini mbumba anali alamu anga a Yonasi, achimwene awo a agogo anu. Ndi agogo awo a Chisomo ndi Mphatso, anzanu mumasewera nawo aja. Ligwireni dzinalo, tibwerako.

Lero mumadandaula minibasi ikachedwa. Nthawi imeneyo ngakhale boma lenileni silinali kuno, tinkalitsata ku Mwanza. Lole inkabwera nthawi yokolola kudzatenga mbatata, mvula ikangoyamba osaionanso. Wodwala tinkamunyamula pa machira, matumba awiri osokerera ku nsungwi, amuna kusinthana mapewa kutsetsereka mpaka ku chipatala cha ku Lisungwi. Ambiri ankanyamuka pano akubuula n'kubwerera pa machira omwewo ataphimbidwa kumutu.

Elube atangoyamba kuyenda, dzinja, anadwala malungo. Sanali malungo wamba. Thupi likatentha maso ankatembenuka, manja kuuma, thovu kukamwa, linjirinjiri lenileni. Ulendo woyamba ndinathamanga naye pamanja, agogo anu akulira m'mbuyo, ndipo tinafika ine miyendo itafa. Adokotala anali bambo wina wa kumpoto, wamtali, Chichewa chake chokhotakhota, koma wabwino mtima. Atamubaya jakisoni, mwana n'kutsitsimuka, anandiitanira pambali. "Bambo, mwana uyu thupi likangotentha musadikire kuti tione mawa. Mufike naye dzuwa lomwelo. Jakisoni alipo, koma jakisoni alibe miyendo yokwerera kumapiri kwanuko."

Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Galamafoni imene ndinabwera nayo ku Halale, jekete yanga ya ukwati, mbuzi zimene ndinali nditayamba kuweta, zonse zinapita. Ndinatsikira ku Limbe n'kubwera ndi kainjini kakale m'thumba, ndi pisitoni watsopano wokulunga m'pepala. Ndinakamangirira pa njinga yanga pansi pa mtengo womwewu, uli waung'ono. Sindinagule kuti ndizidzionetsera kwa atsikana ngati wina amene ndikumuona apayu. Inali njinga ya Elube. Iye ankaitcha Thuthu, ndipo mudzi wonse unatengera.

Tsono tamvera za muyezo, Limbani, chotsa chala m'mphunomo. Ife tinkayeza m'magaloni ndi m'mapainti, malita anuwa anabwera pambuyo. Ndinali ndi kachitini ka mkaka, ndipo mkati mwake ndinalembamo mizere iwiri ndi msomali. Mzere wapamwamba unali theka la painti. Wapansi unali painti yogawa patatu, gawo limodzi. Pisitoni ali watsopano, asanazolowerane ndi nyumba yake, ndinkathira mpaka mzere wapamwamba pa galoni imodzi ya petulo. Atazolowera, mzere wapansi unkakwana ngati ulendo ndi wa kuchigwa ndipo ndili ndekha. Koma nanga kuno kuli chigwa? Ndikadziwa kuti ndinyamula anthu, kapena kuti kuli matope oti injini izilira kwambiri njinga ikuyenda pang'onopang'ono, ndinkapitirira mzere wapansi, kufika pakati pa iwiriyo. Oyilo wa masiku ano akuti ndi wamphamvu, amafunika wochepa, ndipo muyezo wake analemba pa botolo ndi m'kabuku ka injini yako, kamene ndinaona Tadala akukupizira nako mbaula. Werenga pamenepo. Koma uziyeza, usamathire ndi maso.

Sindinkasakanizira m'thanki, ayi. Oyilo ndi wolemera, amakakhala pansi. Ndinkathira oyilo m'galoni, petulo pang'ono, kutseka, kukhutchumula mpaka mkono kuwawa, kenako kudzaza n'kukhutchumulanso. Agogo anu ankandigwirira fanulo. Elube ankagwira nawo galoniyo ndi timanja take, akuti akundithandiza, uku akundilamula, "Ababa, mwamphamvu!" Ndikatha ndinkaviika kaudzu n'kupaka pakati pa zala. Petulo yekha amauma nthawi yomweyo, chala n'kutsala choyera, chokhakhala. Wosakaniza bwino amasiya kuterera. Pulagi, ija yoyatsa moto mu injini, nayo siinama. Ukaimasula n'kupeza kumutu kwake kuli ngati mtedza wokazinga bwino, zili bwino. Ikakhala yakuda, yonyowa, wachulutsa. Ikayera ngati phulusa, gwada upemphere.

Posankha, ine ndinkalolera kulakwira kochulutsa. Ukachulutsa oyilo njinga imatsokomola, imafuka, pulagi imada. Umatsika, kupukuta, kutukwana pang'ono, n'kupitiriza ulendo. Ukachepetsa palibe chopukuta. Makamaka potsetsereka, pamene iwe ukuganiza kuti injini ikupuma. Wabweza moto, petulo akulowa wochepa, ndiye kuti oyilonso akulowa wochepa, koma gudumu likuithamangitsabe, zitsulo zikukhulana zouma. Ndipo mitsetse ya kuno ndi yaitali, inu mukuidziwa.

Chifukwa cha zimenezi Thuthu ankafuka. Ankafuka zedi! Ndikadutsa utsi wabuluu unkatsala m'njira, nkhuku kubalalika, amayi kutseka mphuno ndi nsalu. Anandipatsa dzina lakuti a Chautsi. Ndipo mudzi unagamula wokha mlandu: akuti mkamwini wa kwa Nachisale ndi woumira, amasungunula petulo ndi oyilo kuti achuluke, monga amachitira ena othira madzi mu kachasu. Agogo anu okha ndi amene sankaseka nawo. Amene ankaseka kwambiri anali alamu anga a Yonasi. Ndinayesapo kamodzi kuwafotokozera tili pabwalo. Anandimenya paphewa akuseka mpaka misozi. "Alamu, musadzivute. Galimoto ya bwana Disi wa ku boma ndinaiona ine, siifuka chonchi. Ija imamwa weniweni. Kuumira si mlandu, tonse ndife amphawi." Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka. Mkamwini sankakakamira kuphunzitsa mwini mbumba pamaso pa anthu.

Koma ankafuka uku akugwira ntchito yake. Dzinja lotsatira Elube anadwala kangapo, ndipo ulendo uliwonse tinkafika ku Lisungwi zisanafike poipa. Ine kutsogolo, agogo anu pa kaliyala atakhala cham'mbali, mwana kumsana. Adokotala aja ankamva kulira kwa injini tili kutali n'kuyamba kuwiritsa jakisoni. Ndinayambanso kugona tulo.

Musaganize kuti a Yonasi anali munthu woipa. Ndikanakonda akanakhala oipa, bwenzi katunduyu ali wopepuka. Anali tcheyamani wa chipani m'mudzi muno, inde, masiku amene popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ena mpaka kugulira mwana wa m'mimba. Koma iwo akamva kuti anyamata ofufuza makadi akubwera, ankazungulira m'nyumba za nkhalamba kuzinong'oneza kuti zilawirire kumunda. Ndipo Elube ankamukonda kuposa ana awo. Pamwambo anali wawo kuposa wanga. Ankamunyamula pakhosi, kumusendera nzimbe ndi mano awo, kumutcha "amayi anga" chifukwa anatenga nkhope ya malemu amayi awo.

Dzinja limene Elube anayamba kutsatira amake kumtsinje ndi kachitini pamutu, kunamveka kuti akuluakulu a chipani akubwera ku Neno. Mudzi uliwonse upereke mphatso: mazira, nkhuku, ufa. A Yonasi anafika pano m'mawa, chipewa m'manja, mwaulemu wonse, dengu la mazira okwirira m'gaga lili pambali. "Alamu, mazirawa akufunika akafike ku Neno lero. Wapansi sindingakwanitse. Mundibwereke Thuthu, mawa ndibweza."

Mtima wanga unakana. Njinga imeneyo siinkagona kunja kwa nyumba yanga nthawi ya mvula. Ndinayang'ana agogo anu, iwo anayang'ana pansi. Ndinayang'ana Elube, ali bwinobwino, akuumba timiphika tadothi. Nanga kumukaniza mwini mbumba, amenenso ndi tcheyamani, pa ulendo wa chipani? Ana inu simungamvetse. Munthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Ndinadzaza thanki, ndinawapatsanso botolo losakaniza kale la pobwerera. Ndinati, "Alamu, akachepa muthire wa m'botolomu basi." Iwo akuseka, "Ndamva, ndamva, a Chautsi."

Anabwezadi mawa lake, masana. Anali ataima nayo pa mtsinje wa kuseri kwa mudziwu n'kuitsuka mpaka masipoko kuwala. Pa kaliyala anamangapo mkoko wa nthochi. Mwambo wa kuno mukuudziwa, mayi anu amautsatabe. Mbale ikabwera ndi ndiwo kuchokera kwa anansi siibwerera yopanda kanthu, umaikamo ngakhale mtedza wodzaza dzanja. Ukabwereka khasu umalibweza utalinola. A Yonasi anali munthu wa mwambo wotero. Ndinagwedeza njinga, ndinamva thanki ili tho. Botolo lija linali lopanda kanthu. Ndinati basi, athiramo wa m'botolo chapafupi pompa. Ndinathokoza n'kuilowetsa m'nyumba.

Kutacha, tsiku la msonkhano, mudzi unatsala zii. Amayi anapita kukavina, amuna kukaimirira padzuwa, a Yonasi patsogolo. Agogo anu anawasiya chifukwa anali ndi pakati pa mayi anu, ndipo ine anandisiya kuti ndiziwayang'anira. Dzuwa litakwera pang'ono Elube anakana phala. Ndinamugwira pamphumi, moto. Tisanamalize n'komwe kumumanga kumsana, maso anatembenuka.

Sindinachite mantha kwambiri, ndinene zoona. Thanki yodzaza, kunja kouma, njira ndikuidziwa. Ndinapalasa pang'ono, Thuthu analira. Ndipo analira bwino, ana inu! Ndinali ndisanamumvepo akulira mokoma choncho. Osatsokomola, osakakamira, chitunda choyamba anakwera ngati sananyamule anthu. Mumtima ndinati Mulungu watimvera.

Titadutsa minda ya mbatata agogo anu anandikoka malaya. "Bambo a Elube, Thuthu lero bwanji sakufuka?" Ine maso ali pa miyala ndi ngalande za m'njira, sindikanatha kucheuka. Ndinakuwa, "Ndi mphepo, ikuuluza utsi! Gwirani mwana!" Ndipo ndinakhulupirira zimene ndinanenazo.

Tinalowa mtsetse wautali uja wa pa mibawa, pamene pano pali kagolosale. Chapakati pake ndinamva fungo la chitsulo chopsa, kenako kulira kwina kopyapyala, tswiii, ngati mpeni pa mwala. Ndisanagwire chilichonse, gwa! Gudumu lakumbuyo linauma. Njinga inatembenuka n'kutiponya m'ngalande. Agogo anu, ndi mimba yawo, anagwera chigongono ndi bondo kuti mwana asagunde pansi. Chipsera chija munkawafunsa cha pa mkono chinachokera pamenepo.

Ndinadzutsa njinga. Tcheni chaduka, gudumu lapindika, injini yosagwirika ndi kutentha. Ndinayesa kuipukusa, yauma ngati anaiwotcherera. Ndinatsegula thanki, ndinathyola kaudzu, kuviika, kupaka pa zala. Zinauma nthawi yomweyo. Zoyera, zokhakhala. Ndinaviikanso, ngati kuti kachiwiri zisintha. Munalibe oyilo. Ndinadziwa pomwepo amene wathiramo, chifukwa njingayo tinaigwira anthu awiri okha. Ndinaisiya m'ngalande momwemo, ndinamasula mwana kumsana kwa amake, n'kuyamba kuthamanga.

Likanakhala tsiku lina lililonse tikanakumana ndi munthu. Wanjinga, wangolo, amuna oti n'kumanga machira. Tsiku limenelo dziko lonse linali ku msonkhano. Minda zii, midzi zii. Ndinkakuwa pa khomo lililonse, "Odi! Kuli anthu kuno?" Oyankha anali agalu. Kutali, kuseri kwa mapiri, ng'oma zinkamveka. Mwana ankauma m'manja mwanga, kuleka, kuumanso. Ndinathamanga mpaka chifuwa kukana, agogo anu akutsimphina m'mbuyo, magazi akutsika pa mkono. Atandipeza anati, "Mubweretseni kuno, mwina akufuna fungo la amake." Ndinawabereketsa. Tinayenda.

Titatulukira pa kaphiri kotsiriza ndinaona malata a chipatala akuwala kumunsi. Patali ndithu, koma ooneka. Ndinati, "Taonani, tafika! Limbikani!" Sindinamve mapazi m'mbuyo. Nditacheuka, agogo anu anali ataima pakati pa njira, dzanja limodzi atalipititsa kumsana, atagwira kaphazi ka mwana.

"Bambo a Elube, tiyeni tibwerere."

"Mukuti chiyani inu? Malata ndi awo!"

"Ndati tibwerere."

Anamasula duku lawo n'kumuphimba nalo kumutu. Sanalire. Mayi salira panjira ali ndi maliro kumsana, amadikira afike pakhomo. Tinatembenuka n'kuyamba kukwera mapiri omwe aja, mtsetse uliwonse tsopano utasanduka chitunda. Tinamudutsa Thuthu atagona m'ngalande, osamuyang'ana. Dzuwa litapendeka tinakumana ndi nkhalamba ina yosenza nkhuni, yosatidziwa. Inatsegula pakamwa kuti itipatse moni, inaona duku, inatula nkhuni zake pansi n'kutitsata m'mbuyo mwakachetechete mpaka kuno.

A Yonasi anachokera ku msonkhano n'kupeza maliro. Ndinaonapo amuna akulira, koma osati choncho. Anadzigwetsa pakhomo paja, kugubuduka m'dothi ndi malaya awo a ku msonkhano, akuitana, "Amayi anga! Amayi anga!" Bokosi anakhoma okha, ndi matabwa a chitseko cha nyumba yawo.

Mawa lake, titachokera ku manda, amuna tinakhala pansi pa mtengo uwu. Anthu ankafunsa mmene tinayendera, ine n'kumangoti njinga inafa panjira. Ena anagwedeza mitu, kuti eya, zosungunula zija. A Yonasi anasendera pafupi nane, maso ali psu, anandigwira bondo. Analankhula motsitsa, mondipepesa.

"Alamu, inu munayesetsa. Nanenso mtima wanga ukupepukako pa chinthu chimodzi. Njinga ija ndinafika nayo pa mtsinje thanki itatsala pang'ono kuuma, botolo lanu nditathira kalekale. Koma ndinali nditaganiza ndili ku Neno kuti sindingabweze chinthu cha eni chili chouma, nanga mwana akadwala? Ndinasiya nkhuku yanga ya tambala kwa dalaivala wa lole, anandipatsa galoni. Weniweni, alamu, wosasungunula. Ndinati kamodzi kokha Thuthu amweko zabwino. Pakanapanda ameneyo bwenzi simunafike ngakhale pa mibawa."

Ana inu, ndinaona mdima masana. Nkhwangwa imene anadulira mitengo ya kumanda inali chapafupi, ndipo ndinaiyang'ana. Sindikubisa. Kenako ndinayang'ana nkhope yawo. Munthu uja ankadikira kuti ndimuuze kuti anachita bwino, chifukwa chinali chinthu chokhacho chimene chinkamuimiritsa. Ndikanati ndinene, sakanafika m'mawa, ndikumudziwa. Chingwe cha mbuzi chikanagwira ntchito. Agogo anu akanataya mwana ndi mlongo nthawi imodzi, ali ndi pakati. Amuna onse ankandiyang'ana ine mkamwini, kuti kodi ulemu ali nawo?

Ndinaomba m'manja. Ndinati, "Zikomo, alamu. Munachita bwino."

Mawu amenewo ndakhala ndikuwatafuna moyo wanga wonse, ndipo samezeka. Usandifunse kuti phunziro lake n'chiyani, Tadala, ngati tili kusukulu. Palibe. Palibe amene anada mnzake. Wina anagulitsa jekete, wina anapereka tambala, tonse chifukwa cha mwana yemweyo, ndipo mwanayo ali kumanda. Abusa anati ndi chifuniro cha Mulungu. Ndinavomera ndi pakamwa. Kutchalitchi ndimapitabe, mumandiona, koma akayambitsa nyimbo zoyamika ndimangotsegula kukamwa.

Injini ndinakaitenga patapita masiku, ndinaimasula n'kuiponya m'chimbudzi chakale. Njinga ndinaiwongola, ndinapalasa ndi miyendo mpaka maondo anakana. Mayi anu atabadwa, akatentha thupi, ndinkathamanga nawo pamanja ngati poyamba paja. A Yonasi anakhala zaka zambiri, ndipo nkhani ya tambala ankaikamba pa maliro aliwonse, pa mowa uliwonse, kuphunzitsa achinyamata kuti chinthu chobwereka asamabweze chili chouma. Akafika kumapeto ankandiloza, "Alamu anga ali apa, afunseni." Ine n'kugwedeza mutu. Chisomo ndi Mphatso asamve zimenezi kwa inu, mwamva? Agogo awo anapita ndi mtendere, asiyeni nawo.

Limbani, wa m'chigubu muja usathire m'thanki. Ukapeze choyezera, uwerenge pa botolo, usakanize pano ine ndikuona. Ndipo tsiku limene udzabwereke munthu njingayo, kaya ndi abusa, kaya ndi apongozi ako, udzamuuze mokweza, pamaso pa anthu, ngakhale akuseke. Ikabwera uziviika kaudzu. Chimene ndingakupatse ine ndi kaudzu basi, china ndilibe.

Chatsala n'chimodzi. Ine ndinkaganiza kuti katunduyu ndasenza ndekha. Agogo anu sanafunsepo za njinga ngakhale kamodzi, ndipo ndinkathokoza kuti sakudziwa. Ankawaphikira achimwene awo, ankaseka nawo, atadwala anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Tsiku limene tinaika a Yonasi, tonse tili ndi imvi, tinkachokera ku manda awiriwiri, iwo patsogolo ndi ndodo yawo, ine m'mbuyo. Pa mtsinje paja anaima kuti apume. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana madzi.

"Bambo a Elube," anatero. Dzina limenelo anali asananditchule nalo chimwalirireni mwanayo. "Kunalibe mphepo tsiku lija."

Anawoloka, ine ndinatsala pa mwala. Kunalibedi, ana inu. Ngakhale tsamba la nthochi silinkagwedezeka.